Khosi ndi Mapewa a Galu: Kusiyana Kuti Komwe Kuli Koopsa?

FUNSO: Womvera wathu wa kwa Khwethemule ku Thyolo, yemwe ndi mlonda pa esiteti ya tiyi, walemba kuti: "Galu wa pantchito ali ndi khosi lonenepa ndi mapewa otambalala, pomwe wanga wakumudzi ndi wakhosi lowonda. Kodi wangayu akudwala?"

YANKHO: Bambo, mtima pansi. Galu aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, ali ndi mafupa 7 m'khosi, ndipo minofu yake ndi yomweyo. Chimasiyana ndi kukula kwake, malinga ndi mtundu, chakudya ndi ntchito. Ngakhale madokotala a ziweto, akamaphunzira pa mitembo ya agalu, nthawi zina amapeza mnofu wogawikana pawiri kapena kamnofu kowonjezera mwa galu yemwe anakhala moyo wake wonse bwinobwino. Mwachitsanzo, galu wa mtundu wa Boerboel anamuweta kuti akhale wojintcha, pomwe galu wakumudzi ndi wopepuka, woyenda mtunda wautali.

Mwina munganene kuti khosi lalikulu ndiye mphamvu. Si nthawi zonse. Mu 2007 ofufuza ku America anapeza kuti agalu ena a mtundu wa Whippet amabadwa ndi minofu yochuluka mopitirira muyeso chifukwa cha kusintha kwa chibadwa, koma agalu oterowo sawoneka kawirikawiri pa mipikisano yothamanga.

Kusiyana komwe ndikufuna muziope ndi kwa mbali ziwiri za galu mmodzi. Munthu ali ndi fupa lopingasa lolumikiza phewa ndi chifuwa. Galu anangotsala ndi kachidutswa kake kobisika mumnofu, motero mwendo wake wakutsogolo umagwiridwa kuthupi ndi minofu yokhayokha, chonsecho miyendo iwiri yakutsogoloyi imasenza pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwake. Mwendo ukavulala, kapena mtsempha ukawonongeka atagundidwa ndi galimoto kapena njinga yamoto, minofu ya mbali imeneyo imafota msanga. Muimikeni galuyo molunjika, muike manja pamapewa onse awiri. Ngati mbali imodzi fupa likutuluka ngati mzere pomwe inayo ndi yodzaza, kapena akutsimphina, pitani naye kwa alangizi a ziweto musanachedwe.

FUNSO: Mayi wina wa dera lomwelo akuti: "Agalu takhala tikuwamanga ndi waya kuyambira kale. Vuto lili pati?"

YANKHO: Mayi, kuti galu sanafe sizitanthauza kuti sanapweteke. Pansi pa minofu ya khosi pamadutsa kholingo ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo galu wowonda khosi uja ndi amene ali ndi mnofu wochepa womuteteza. Waya amacheka khungu, chilonda chimaitana ntchentche ndi mphutsi, ndipo izi zimandiwawa chifukwa n'zopeweka. Gwiritsani ntchito lamba wophwatalala, wosiya mpata wolowa zala ziwiri, ndipo ngati ndi kamwana kagalu muzimumasula lambayo pamene kakukula.