Makalata a Omvera: Mfuti Zodzilowetsera Zipolopolo ku Britain

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo ena a ku Highfields, mumzinda wa Leicester, amene akufuna kudziwa ngati mfuti za semi-automatic ziyenera kuletsedwa kwa anthu wamba monga zida zankhondo. Mfuti zimenezi zimadzilowetsera zokha chipolopolo china zikangowomba, koma zimatulutsa chipolopolo chimodzi nthawi iliyonse imene wowombayo wakoka kachitsulo kowombera, mosiyana ndi zambiri za asilikali zimene zimatha kulavula zipolopolo mosalekeza.

Ku Britain, kumene bambowa akukhala, nkhaniyi inagamulidwa kale. Pa 19 Ogasiti 1987, Michael Ryan anapha anthu 16 ku Hungerford, ndipo pakati pa zida zake panali mfuti yopangidwa ku China motengera AK-47, kotero kuti mu 1988 Nyumba ya Malamulo inaletsa mfuti za rifle zodzilowetsera zipolopolo, kupatula zazing'ono za .22 zimene alimi amaphera akalulu ndipo ena amapikisanira kuwombera chandamale. Ngakhale zazing'onozo, munthu wa ku Highfields sangazisunge popanda chiphaso cha apolisi a Leicestershire, amene amafuna chifukwa chomveka ndi malo otetezeka osungiramo.

Njira imeneyi ndi yolimba chifukwa inayang'ana mmene mfutiyo imagwirira ntchito ndi mtundu wa chipolopolo chake. Ku America, lamulo la 1994 loletsa zina mwa mfuti zoterezi linadalira kwambiri maonekedwe ausilikali, ndipo opanga mfuti anangochotsa zigawo zina n'kupitiriza malonda mpaka lamulolo linatha mphamvu mu 2004.