Kompyuta ya zipangizo zakaunjika kapena PlayStation?

Zikomo achimwene a ku Zomba chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati mugule PlayStation 4 kapena mumange kompyuta ndi zipangizo zakaunjika. Ine ndikuti kompyuta, bola mupeze munthu wozidziwa. Graphics card ngati GTX 1060, ya 2016, imayendetsabe GTA V bwinobwino, ndipo pa Steam simulipira mwezi ndi mwezi kuti musewere pa intaneti, pomwe pa PlayStation mumalipira PlayStation Plus.

Koma chonde, musatulutse ndalama musanaione ikugwira ntchito. Wogulitsayo aiyatse pamaso panu, gemu iyende kwa theka la ola. Mvetserani ngati mafani akulira modabwitsa, onani ngati zithunzi zikudukaduka. Power supply yokha gulani yatsopano, chifukwa yotopa imatha kupsereza zina zonse, makamaka kuno magetsi amazimazima.

Mukaona kuti zachuluka, tengani PlayStation. Kulumikiza ku TV basi, mwayamba kusewera.