PHUNZIRO 17: TIKAONA KANEMA, TIMUUZE CHIYANI MNZATHU?

1. TIWERENGE NKHANI IYI

Linali tsiku la msika ku Kalomwe. Mnyamata wina anagulitsa kachewere wake msanga. Atatha, anakakhala pa khonde la sitolo ndi mnzake wa ku Ulongwe. Mnzakeyo anali ndi kanema m'foni. Anaonera limodzi mpaka dzuwa linapendeka.

Madzulo mnyamatayo anafika kumudzi. Anapeza azakhali ake akutong'ola chimanga.

"Azakhali, lero ndaona kanema wabwino zedi," iye anatero. "Ndi wa kuno kwathu ku Mozambique. Muli sitima ya pamtunda. Muli amayi opita ku Malawi kukasinthitsa mchere ndi shuga. Mnzanga wandiikira m'foni mwangamu. Muone nanunso."

Azakhali anakondwa. Njira ya ku Malawi anali kuidziwa. Pa nthawi ya nkhondo anathawira ku Dedza, ndipo anabwerera kuno nkhondo itatha mu 1992. Anaitana adzukulu awo awiri, ndipo onse anakhala pa mphasa.

Posakhalitsa mfuti zinayamba kulira m'kanemamo. Asilikali ena anali kuzunza amayi. Ana anachita mantha. Azakhali anadzuka osanena kanthu, nakalowa m'nyumba. Usiku umenewo sanaone tulo.

M'mawa anaitana mnyamata uja.

"Mwana wanga, sunandinamize ayi. Kanemayo ndi wabwino. Zimene zili m'menemo ife tinaziona ndi maso athu. Koma iwe unandiuza za mchere ndi shuga, za mfuti unazisiya. Ukanandiuza, ana ndikanayamba ndawagoneka. Inenso ndikanayamba ndalimba mtima."

"Pepani azakhali, sindinaganize."

"Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Tsiku lina ukadzaona kanema, udzanene zonse zimene mnzako ayenera kudziwa."

2. KANEMA M'DZIKO LATHU

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Nthawi imeneyo anthu oposa 90 mwa anthu 100 aliwonse sanali kudziwa kuwerenga. Nyuzipepala sikanawafikira. Koma chithunzi choyenda aliyense amachimva.

Chotero mu 1976 boma linakhazikitsa bungwe la kanema ku Maputo, lotchedwa Instituto Nacional de Cinema. Mu 1978 bungweli linayamba kutulutsa kanema wa nkhani za m'dziko, dzina lake Kuxa Kanema. Dzinali litanthauza kubadwa kwa kanema. Pambuyo pake kanemayu ankatuluka mlungu ndi mlungu, ndipo ankatenga mphindi 10. Magalimoto ankayenda m'midzi atanyamula makina oonetsera. Kukada, anthu ankasonkhana pabwalo kudzaonera. Nkhondo itakula, magalimotowo analeka kuyenda m'misewu yambiri. Mu 1991 nyumba ya bungwelo inapsa ndi moto.

Masiku amenewo kanema anali wosowa. Amene wabwera ndiye amene anthu ankaona. Lero zinthu zinasintha. Makanema ali m'nyumba za vidiyo pamsika. Ali m'mafoni. Ena ndi a kuno, ena ndi a ku Malawi, ena ndi a ku Nigeria, ku India ndi ku China. Ambiri amachita kuwamasulira m'Chichewa.

Makanema akachuluka, munthu ayenera kusankha. Nanga asankha bwanji? Amafunsa mnzake amene waona kale. Motero mau athu ali ndi mtengo. Mnzathu akatikhulupirira, amalipira ndalama pakhomo. Amataya nthawi imene akanagwira ntchito kudimba. Mwinanso amatenga ana ake. Tikamuuza mosasamala, tamulakwira.

3. ZINTHU ZINAYI ZOYENERA KUNENA

Kungoti "ndi wabwino" kapena "ndi wachabe" sikuthandiza. Mnzathu akatifunsa, timuuze zinthu zinayi.

Choyamba: dzina la kanema ndi chinenero chake.
Kanema amene mnyamata uja anaona dzina lake ndi Comboio de Sal e Açúcar, kutanthauza sitima ya mchere ndi shuga. Anamupanga ndi Licínio Azevedo, ndipo anatuluka mu 2016. Anthu a m'kanemayu amalankhula Chipwitikizi. Amene samva Chipwitikizi adzafuna womumasulira.

Chachiwiri: nkhani yake mwachidule.
Mau ochepa akwanira. Mwachitsanzo: "Ndi nthawi ya nkhondo. Sitima ikuchoka ku Nampula kulowera ku malire a Malawi. Kwawoko shuga akusowa, choncho anthu anyamula mchere kuti akasinthitse. Asilikali akuperekeza sitimayo, koma njanji yaonongeka ndipo m'thengo muli adani." Tilekere pomwepo. Tisaulule mathero. Wouza mnzake mathero ali ngati munthu wodya ndiwo zonse nasiyira mnzake nsima yokha.

Chachitatu: maganizo athu ndi chifukwa chake.
Tikati "ndinamukonda," tionjeze liu lakuti "chifukwa." Mwachitsanzo: "Ndinamukonda chifukwa akuonetsa kulimba mtima kwa amayi pa nthawi ya nkhondo." Kapena: "Sindinamukonde chifukwa sitimayo imaima kawirikawiri ndipo ndinatopa." Mnzathu akamva chifukwa, atha kuganiza yekha.

Chachinayi: kanemayo ayenera ndani.
Apa ndi pamene mnyamata uja analakwa. Tinene ngati muli kuphana, zolaula kapena zoopsa. Tiganizire ana. Tiganizirenso akuluakulu amene anaona nkhondo ndi njala. Ena adzafuna kuona kuti akumbukire. Ena sadzafuna. Tiwauze zoona, iwo asankhe okha.

4. ZOCHITIKA NDI ZOPEKA

Pali chinthu china chofunika. Si zonse za m'kanema zimene zinachitikadi. Opanga kanema amaonjeza zina, amachotsa zina, ndipo zina amazisintha kuti nkhani ikome. Munthu wophunzira amafunsa kuti: izi zinachitika, kapena azipeka?

Tione zitsanzo ziwiri.

Pa 16 Juni 1960 anthu anasonkhana pa ofesi ya boma la atsamunda ku Mueda, m'chigawo cha Cabo Delgado. Asilikali anawaombera, ndipo ambiri anafa. Izi zinachitikadi. Ufulu utabwera, anthu a ku Mueda ankachita sewero pabwalo lokumbukira tsikulo. Mu 1979 Ruy Guerra anajambula sewerolo pamodzi ndi mau a mboni, napanga kanema wotchedwa Mueda, Memória e Massacre. Amene tikuwaona akugwa m'kanemamo sakufa. Akusewera. Koma chimene akutikumbutsa ndi choona.

Chitsanzo chachiwiri chikuchokera kwa anansi athu a ku Malawi. William Kamkwamba anakulira ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala ya mu 2001 ndi 2002 analeka sukulu chifukwa chosowa ndalama. Koma sanaleke kuwerenga. Ankabwereka mabuku ku nyumba ya mabuku ya pafupi ndi kwawo. Ali ndi zaka 14 anapanga makina oyenda ndi mphepo. Anagwiritsa ntchito njinga ya bambo ake, zitsulo zotayidwa ndi mitengo ya bulugama. Mu 2019 kunatuluka kanema wa nkhani yake, The Boy Who Harnessed the Wind, kutanthauza mnyamata amene anaigwiritsa ntchito mphepo. Anamupanga ndi Chiwetel Ejiofor, yemwenso anasewera ngati bambo wa William.

M'kanemamo makinawo akupopa madzi othirira mbewu pa nthawi ya njala yomweyo. Koma makina oyamba a William anali oyatsa magetsi m'nyumba ya kwawo. Zopopa madzi zinadza patapita zaka. Kodi kanemayo ndi wabodza? Iyayi. Mnyamatayo alipo, njala inaliko, makina anapangadi. Koma pouza mnzathu tinene kuti: "Nkhaniyi inachitika, ngakhale zina anazisintha."

5. TIKASIYANA MAGANIZO

Tsiku lina ophunzira awiri a sukulu ya akuluakulu anali kubwerera kwawo. Anali pachilamu. Onse anali ataona kanema wa William.

"Alamu, ine kanema uja sanandisangalatse," anatero bamboyo. "Ena mwa osewera aja ndi alendo. Chichewa chawo chimamveka chachilendo. Mau ena ndimachita kutchera khutu kawiri."

"Zimenezo n'zoona, alamu," anayankha mayiyo. "Nanenso ndinaseka. Koma munaona nkhokwe zija zili mbee? Munaona banja likudya kamodzi patsiku? Munaona gule wamkulu pamaliro? Ine ndinaona ngati ndi mudzi wathu uno."

"Zimenezo ndiye anakhoza."

"Ndiponso chimene chinandigwira mtima ndi buku lija. Mwanayo Chingerezi sankachidziwa bwino, koma ankayang'ana zithunzi mpaka anamvetsa. Ine ndili ndi zidzukulu, koma ndinati mawa sindijomba kusukulu."

"Nanga mwana wanga wa zaka 12 uja angaone?"

"Angaone, koma mukhale naye pafupi. Muli njala, muli maliro, ndipo galu wa mnyamatayo amafa. Adzakufunsani mafunso."

Taonani mmene awiriwa anakambirana. Sananyozane. Aliyense anapereka chifukwa. Bamboyo sanasinthe maganizo ake pa za chinenero, ndipo mayiyo sanamukakamize. Koma onse anafika kwawo atadziwa zambiri kuposa poyamba. Mutu umodzi susenza denga.

6. TILEMBE

Tsopano tikudziwa kulemba. Titha kuuza m'bale wathu amene ali kutali za kanema amene taona. Titha kulemba pa pepala kapena pa foni. Nachi chitsanzo:

Okondedwa achemwali,
Ndaona kanema wotchedwa Comboio de Sal e Açúcar. Ndi wa m'Chipwitikizi. Akunena za anthu oyenda pa sitima kuchokera ku Nampula pa nthawi ya nkhondo. Ndamukonda chifukwa wandithandiza kumvetsa zimene makolo athu anapirira. Koma muli mfuti ndi nkhanza. Ana ang'onoang'ono asaone. Amayi muyambe mwawafunsa ngati akufuna.
Ndine mlongo wanu.

Werengani kalatayi kawiri. Pezani zinthu zinayi zija m'menemo.

MAU OFUNIKA

kanema: zithunzi zoyenda zofotokoza nkhani
wosewera: munthu woyerekeza kukhala munthu wina m'kanema kapena m'sewero
mathero: mmene nkhani yathera
zopeka: zinthu zimene sizinachitike, koma wina waziganiza
mboni: munthu amene anaona chinthu ndi maso ake

Gawani mau awa m'maphatikizo: ka-ne-ma, si-ti-ma, ma-the-ro, chi-fu-kwa, ma-ga-ni-zo.

MAFUNSO

1. Kodi mnyamata wa m'nkhani yathu anawauza chiyani azakhali ake? Nanga anasiya chiyani?
2. N'chifukwa chiyani azakhali sanaone tulo?
3. Kodi Kuxa Kanema anayamba chaka chiti?
4. Tchulani zinthu zinayi zoyenera kuuza mnzathu za kanema.
5. Kodi makina oyamba a William Kamkwamba ankagwira ntchito yanji?

MALIZANI ZIGANIZO IZI

1. Kanema amene ndinaona posachedwa dzina lake ndi ............
2. Nkhani yake ndi ya ............
3. Ndinamukonda chifukwa ............
4. Chimene sindinakonde ndi ............
5. Kanemayu ayenera ............

MASAMU

1. Tiyerekeze kuti kulowa m'nyumba ya vidiyo ndi mametikali 10 munthu mmodzi. Bambo wapita ndi ana ake atatu. Alipira ndalama zingati?
2. Kuchokera mu 1960 mpaka mu 1979 panapita zaka zingati?
3. Kuxa Kanema mmodzi ankatenga mphindi 10. Kodi makanema 6 otere angatenge nthawi yaitali bwanji?

ZOKAMBIRANA M'MAGULU

Khalani m'magulu a anthu anayi kapena asanu, amayi ndi abambo pamodzi. Aliyense apatsidwe mpata wolankhula.

1. Kodi alipo amene anaonako kanema wa pabwalo masiku akale? Afotokoze mmene zinalili.
2. Kodi ana a m'mudzi mwathu amaona makanema otani pamsika? Timadziwa?
3. Azakhali anati kanema wa sitima ndi wabwino, ngakhale anawasowetsa tulo. Kodi achinyamata amene anabadwa nkhondo itatha ayenera kuona makanema otere? Perekani zifukwa.

NTCHITO YA KUNYUMBA

Lembani ziganizo zisanu za kanema mmodzi amene munaona. Ngati simunaonepo kanema, lembani za sewero la pa wailesi kapena nthano imene munamva. Musanabwere nazo kusukulu, muwerengere munthu mmodzi wa kunyumba kwanu. Mumufunse ngati wamva zonse zimene anafuna kudziwa. Ngati pali chimene mwasiya, muonjeze.