Tsekani pansi pa nyumba mvula isanayambe

Anthu a kuno ku Mwanza, mvula ikamayandikira mu Novembala ambirife timathamangira kukonza denga. Koma madzi amalowanso ndi pansi. Namondwe Freddy atawomba chigawo cha kummwera mu Marichi 2023, nyumba zambiri zinagwa chifukwa makoma anamwa madzi kuyambira m'maziko.

Chinyontho chimadwalitsa khoma lisanagwe n'komwe. Chimameretsa nkhungu yakuda m'ngodya ndi kuseri kwa matumba, ndipo mwana wa mphumu akagona m'chipinda chotere chifuwa sichimuleka. Chimanga ndi mtedza zikakhalitsa pansi ponyowa zimachita chuku, chomwe poizoni wake amawononga chiwindi. Kuphika sikuchotsa poizoniyu.

Zungulirani nyumba yanu lero. Kwezani khonde ndipo lipendekere kunja kuti madzi a padenga asakhazikike m'tsinde mwa khoma. Kumbani ngalande, makamaka inu okhala m'malo otsetsereka ngati ku Thambani. Amene mukumanga yatsopano, uzani mmisiri ayale pulasitiki pamwamba pa maziko ndiponso pansi asanathire simenti. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kumanganso khoma.

Kenako funani mauna. Khoswe wamng'ono amalowa pa bowo longokwana chala, choncho musanyoze mng'alu uliwonse. Tsekani ndi timiyala ndi simenti, pakuti dothi lokha amalifukula usiku womwewo. Makoswe amasiya mkodzo pa chakudya, ndipo utitiri wawo umafalitsa mliri wa makoswe, womwe unagwa ku Nsanje mu 2002. Pansi pa dothi muzizira kawirikawiri, chifukwa matekenya amaswana m'fumbi ndi m'ming'alu. Mukaona njira za chiswe pakhoma, zigumuleni n'kulondola komwe zachokera.

Kunsi kwa nkhokwe kusakhale kosungirako nkhuni ndi zinyalala. Kuzisesedwa, mphepo izidutsa, ndipo miyendo yake ivekedwe malata oterera kuti khoswe asakwere. Matumba a m'nyumba asanjikeni pa mitengo, motalikirana ndi khoma.

Chonde musathire mankhwala a makoswe monga tameki m'nyumba momwe ana amakwawa. Misampha ndi mphaka n'zokwanira. Mwana akadya mankhwala a makoswe, musamusanzitse, thamangirani naye ku chipatala cha boma cha Mwanza kapena chaching'ono chomwe muli nacho pafupi, monga Kunenekude ndi Tulonkhondo.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akafika, mupempheni muyendere limodzi nyumba yonse.