Mmene wophunzira wa ku Malawi angasungire chilolezo chake ku Chipata

Wophunzira wochokera ku Mchinji kapena ku Lilongwe akafika ku Chipata sachedwa kuiwala kuti ndi mlendo. Pamsika wa Kapata amatsitsa mtengo m'chinenero chake, wakabaza amamumva bwinobwino, mwinanso ku Katete ali ndi amalume. Koma wa imigireshoni safunsa mfunda wanu. Amatsegula pasipoti n'kuyang'ana tsiku la pachidindo.

Yambani musanachoke kwanu. Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo isanathe ntchito, ndipo ngati maphunziro anu ndi a zaka zitatu koma pasipoti yatsala ndi chaka chimodzi, konzani ina muli konkuno. Fufuzaninso ngati sukulu imene yakuitanani ndi yovomerezeka: mayunivesite amalembetsa ku Higher Education Authority, sukulu za ntchito zamanja ku TEVETA. Musatumize fizi musanatsimikize zimenezi.

Kenako dutsani pachipata chenicheni. Kuyambira mu Disembala 2022, pa Mwami ndi Mchinji pali chipata chimodzi chimene maofesi a mayiko onse awiri amagwirira ntchito pamodzi, choncho palibe chifukwa chodzera njira zamadulira, ngakhale wanjinga yamoto akulonjezeni kuti mukafika msanga. Wolowa popanda chidindo alibe poyambira kupempha chilolezo. Chikalata chodutsira pamalire, chimene anthu amatenga popita kumaliro kapena kumsika, nachonso si chophunzirira.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Mmalawi safunika viza polowa mu Zambia, ndipo ena amaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ayi. Mlendo wamba amaloledwa masiku osapitirira 90 pa miyezi 12, ndipo pachipata angakudindireni masiku ocheperapo. Werengani chidindocho musanachoke pawindo, tsikulo mulilembe pachikuto cha kope lanu. Wophunzira amafunika chilolezo chakechake, study permit, chimene amapereka a Department of Immigration ndipo amapempha kudzera pa intaneti. Sonkhanitsani kalata yokulandirani ya kusukulu, fotokope ya pasipoti, zithunzi, ndi umboni wa amene akukulipirirani. Funsani ku ofesi ya imigireshoni ya ku Chipata mndandanda wonse wa zofunika ndi mtengo wake, chifukwa zimenezi zimasintha. Zolemba za achipatala ndi za apolisi zimatenga nthawi, choncho funsani za izo msanga. Ndalama lipirani m'njira ya boma ndipo lisiti lisungeni ngati dzira. Munthu wokuuzani kuti "ndipatseni pasipoti, ndili ndi mnzanga mkatimo" muthaweni.

Pempho likamachedwa, musakhale phee kudikira. Masiku a pachidindo asanathe, pitani ku ofesi ndi lisiti lanu mukafunse chochita. Kupita nokha tsiku lisanakwane n'kosiyana kutali ndi kupezeka pa rodibuloko ya pa Great East Road chidindo chitatha kale. Kumeneko nkhani yake ndi chindapusa, khoti, kapena kubwezedwa kwanu mayeso ali pafupi, fizi ya makolo itapita m'madzi.

Chilolezo chikatuluka, dziwani kuti chimamangidwa pa sukulu imene yalembedwapo. Mukasamuka, tinene kuchoka ku DMI-St. Eugene University kupita ku sukulu ya anamwino ya ku Mwami, kapena mukaima kaye chifukwa cha matenda kapena fizi, dziwitsani a imigireshoni mwa kalata ndipo musunge kope lake. Za geni nazo samalani. Ndikudziwa kuti ndalama ya m'thumba siikwana, ndipo kunyamula zitenje kapena nsapato kuchokera ku Lilongwe kumakopa, koma chilolezo chophunzirira si cha malonda. Musayambe ntchito yolipidwa musanafunse ngati mukuloledwa.

Potseka sukulu, dinditsani potuluka ndi pobwerera, ngakhale mukungopita ku Mchinji kukagona usiku umodzi. Pasipoti ikatayika, kanenani kupolisi tsiku lomwelo, kenako lumikizanani ndi ofesi ya kazembe wa Malawi ku Lusaka. Apa chithunzi cha pasipoti ndi cha chilolezo chidzakuthandizani, choncho chisungiretuni m'foni. Ndipo kukonzanso chilolezo yambani kudakali miyezi iwiri kapena itatu kuti chithe ntchito, chifukwa kalata ya kusukulu yotsimikiza kuti mukuphunzirabe imafuna siginecha ya munthu amene angakhale ali patchuthi.