Phunziro: Kupeza Phata la Ntchito

Mlimi aliyense kuno kwa Pembamoyo amaidziwa FISP, ndondomeko ya boma la Zambia yothandiza alimi ang'onoang'ono kupeza feteleza ndi mbewu pamtengo wotsika. Inayamba m'chaka cha 2002 ikutchedwa FSP. Masiku amenewo mlimi ankalandira matumba 8 a feteleza ndi makilo 20 a mbewu ya chimanga. Mu 2009 dzina linasintha, matumba anatsika kufika pa 4 ndipo mbewu inakhala makilo 10, kuti alimi ochuluka apezeko. Pambuyo pake kunabwera makhadi a ku banki, kenaka manambala obwera pa foni.

Ntchito yochitidwa ndi mapepala isanalowe mu kompyuta, pamakhala munthu amene amayamba waifufuza. Iyeyu sayamba ndi kugula makina. Amatenga pensulo ndi pepala, n'kujambula zithunzi ziwiri. Choyamba ndi chithunzi cha zooneka: ndani akugwira ntchito, ali kuti, akugwiritsa chiyani. Chachiwiri ndi chithunzi cha phata: kodi n'chiyani chimene chiyenera kuchitika basi, kaya tigwiritse cholembera, kaya foni? Lero tiphunzira mmene amachokera pa chithunzi choyamba kufika pa chachiwiri.

Ganizirani za chimanga mukakolola. Agogo athu ankaluka nkhokwe, kuimata ndi kuifolera. Ambiri lero amatonola, kuthira mankhwala ndi kusunga m'matumba m'nyumba. Kuluka, kumata ndi kufolera kwatha kwa amene asiya nkhokwe. Koma chimanga chiyenera kutetezedwabe ku anankafumbwe, ku chinyezi ndi kwa akuba. Limenelo ndiye phata.

Zizindikiro zojambulira

Njira yojambulira imeneyi inatchuka ku America. Tom DeMarco anaifotokoza m'buku lake la mu 1978, ndipo Chris Gane ndi Trish Sarson analembanso za njira yofanana nayo m'zaka zomwezo. Boma la Britain linaitenga m'zaka za m'ma 1980 n'kuiika m'ndondomeko yake yotchedwa SSADM. Zizindikiro za DeMarco zilipo zinayi zokha, ndipo mukhoza kuzijambula ngakhale pansi ndi kamtengo. Kabwalo kozungulira ndi ntchito. Muvi ndi uthenga umene ukuchoka apa kupita apo. Mizere iwiri yoyendera limodzi ndi malo osungira uthenga, monga kaundula kapena faelo. Bokosi ndi munthu kapena bungwe lakunja limene limapereka uthenga kapena kuulandira. Kwa ife bokosi lalikulu ndi mlimi.

Chithunzi cha zooneka

Tiyeni titsate mmene feteleza ankayendera nthawi ya mapepala. Tiyerekeze mayi wina, membala wa kopaletivu ya m'mudzi mwawo. Mayiyo akupita kwa mlembi wa kopaletivu atatenga reji yawo, chitupa chija cha unzika. Mlembi akulemba dzina, mudzi ndi nambala ya reji m'buku lachikuto cholimba. Madzulo akukopera maina onse pa fomu, ataika kaboni pansi kuti patuluke mapepala angapo. Wapampando akukwera njinga kukapereka fomuyo kwa alangizi. Komiti ya zaulimi ya m'dera, imene timaitchula kuti CAC, ikukhala pansi kuona maina amene ayenera kulandira. Maina ovomerezeka akupita ku boma, ku ofesi ya a DACO, mkulu wa zaulimi m'bomalo, komwe akulembedwanso kachitatu.

Ofesiyo ikutulutsa pepala lotchedwa ATD, lololeza kopaletivu kukaika ndalama ku banki. Msungichuma akusonkhetsa ndalama za mamembala, kuzimanga bwino, ulendo wa ku banki. Akuima pamzere, akulandira silipi yokhala ndi chidindo, akubwerera nayo ku ofesi. Atatsimikiza kuti ndalama zalowa, a ku ofesi akutulutsa pepala lachiwiri, ATC, lololeza kukatenga katundu. Ku shedi wosunga katundu akuwerenga matumba a D Compound ndi a Urea, akulemba m'buku lake. Galimoto kapena ngolo ikufika m'mudzi, ndipo mayi aja akusaina kapena kudinda chala m'buku la mlembi, n'kunyamula matumba awo.

Mukajambula zonsezi, bolodi lidzaza ndi mabwalo ndi mivi. Chithunzi chimenechi n'choona, ndipo wofufuza wanzeru amachionetsa kwa mlembi ndi msungichuma kuti anene ngati waiwala kanthu. Koma sichingakuuzeni zoyenera kusunga ndi zoyenera kutaya. Njinga ya wapampando ndi chigamulo cha komiti zonse zikuoneka ngati zolemera mofanana.

Kupeta chithunzicho

Tsopano tengani chofufutira. Yambani ndi maina a anthu ndi a malo. Pamene palembedwa kuti "mlembi alemba m'buku", fufutani mlembi, fufutani buku. Chotsala n'chakuti: lembetsa mlimi. Pamene palembedwa kuti "msungichuma apita ku banki", lembani kuti: landira chopereka cha mlimi. Sikuti anthuwa ndi opanda pake ayi. Tikungofuna kuona ntchito payokha, chifukwa mawa ikhoza kugwiridwa ndi wina.

Kenaka yang'anani mabwalo amene sasintha kanthu pa uthenga. Wapampando akapalasa njinga kukafika kwa alangizi, maina amene anyamuka nawo ndi omwewo amene afika nawo. Watuluka thukuta, inde, koma uthenga sunaonjezeke ndipo sunachepe. Bwalo limenelo lichoke. Kukopera maina kuchoka m'buku kupita pa fomu nakonso kuchoke. Funso lofunsa pa bwalo lililonse ndi ili: chimene chatuluka chikusiyana bwanji ndi chimene chinalowa? Ngati palibe kusiyana, ntchitoyo inabadwa chifukwa cha mtunda kapena chifukwa cha pepala.

Mapepala nawo tiwavule maina. ATD ndi ATC ndi maina a mafomu chabe. Funsani chimene chalembedwapo. ATD ikunena kuti anthu awa avomerezedwa, alipire ndalama zakuti. ATC ikunena kuti anthu awa alipira, apatsidwe katundu wakuti. Pa muvi lembani mawu amenewo, osati dzina la fomu.

Pali ntchito ina yofuna kudekha: kuphatikiza mabuku. Dzina la mayi aja lili m'buku la mlembi, pa fomu ya alangizi ndi m'faelo ya ku boma. Malo atatu, munthu mmodzi. M'chithunzi cha phata timajambula malo amodzi okha, n'kulembapo kuti "Alimi". Apa m'pamene mavuto obisika amatulukira. Kuno kum'mawa a Phiri ndi a Banda ndi ochuluka, ndipo m'mudzi umodzi mukhoza kupezeka anthu awiri a maina ofanana ndendende. Buku lina lalemba dzina la kwa bambo, lina lalemba dzina la kwa mwamuna. Mlembi savutika, chifukwa amawadziwa nkhope, amadziwanso kuti uyu ndi wa kudambo, uyo ndi wa kumtunda. Kompyuta sidziwa nkhope ya munthu wa kudambo. Choncho wofufuza ayenera kusankha chinthu chimodzi chimene anthu awiri sangafanane nacho. Pa nkhani ya FISP chinthucho ndi nambala ya reji. N'chifukwa chake nambala imodzi ikalembedwa molakwa, mlimi weniweni amabwezedwa ngati mlendo.

Mukatha kupeta, bolodi litsala ndi mabwalo ochepa: lembetsa mlimi, ona ngati ali woyenera, landira chopereka chake, mpatse katundu, sunga umboni woti walandira. Malo osungira atsala atatu: alimi, zopereka ndi katundu wotengedwa. Onani kuti kuchuluka kwa matumba sikukhudza chithunzichi. Akhale 8, akhale 4, bwalo loti "mpatse katundu" likhalabe pomwepo.

Pamene ambiri amaterereka

Mu 1984 akatswiri awiri, Stephen McMenamin ndi John Palmer, anapereka njira yoyesera chimene chili phata. Anati tiyerekeze kuti tili ndi makina angwiro, osalakwa, osachedwa, osatha moto, osafuna ndalama. Ntchito imene ikufunikabe ngakhale makinawo alipo, imeneyo ndi ya phata.

Tiyese. Kodi kuima pamzere ku banki kungafunike? Ayi. Kodi kufananiza buku la mlembi ndi faelo ya ku boma kungafunike? Ayi, pakuti buku lingakhale limodzi. Nanga komiti ya CAC? Munthu wa m'tauni akhoza kuona anthu atakhala pamabenchi akuitana maina, n'kuganiza kuti ndi mwambo wotaya nthawi. Akaifufuta walakwitsa kwambiri. Makina, ngakhale angwiro chotani, amangodziwa zimene auzidwa. Sanaonepo munda. Sadziwa kuti uje anasamukira ku Chipata kalekale, kapena kuti uje anamwalira mwezi watha, kapena kuti dzina ili ndi la munthu amene sanagwirepo khasu. Uthenga umenewo umachokera kwa anthu a m'deralo. Choncho bwalo loti "ona ngati ali woyenera" liyenera kukhalabe, pamodzi ndi muvi wobweretsa umboni kuchokera kumudzi. Mabenchi akhoza kuchoka, umboniwo ayi.

Mapepala a kaboni nawo ali ndi nkhani yake. M'chithunzi cha phata tinawafufuta, ndipo tinachita bwino. Koma wofufuza asanawaiwale afunse kuti anayambira chiyani. Pepala lotsala m'manja mwa kopaletivu linali chitetezo. Wina akasintha maina panjira, mlembi ankatha kutulutsa lake n'kunena kuti, "Taonani, ife tinalemba awa." Wofufuza wabwino amalemba pambali kuti mlimi afunika umboni wokhala nawo yekha, kuti podzamanga njira yatsopano chitetezocho chidzabwezeretsedwe mwanjira ina. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene ofufuza ambiri amafulumira. Amafunsa a mu ofesi, amene amadziwa mafomu, osafunsa msungichuma amene amadziwa chifukwa chake ankasunga silipi iliyonse m'pulasitiki.

Kuchoka pa phata kupita ku njira yatsopano

Chithunzi cha phata si mapeto. Chikatha, eni ntchito amakhala pansi kuona ngati akufuna kuonjezapo kanthu, kenaka n'kusankha zipangizo zatsopano. Zinachitikadi mu FISP. M'nyengo ya 2015/2016 boma linayesa njira ya e-voucher m'maboma 13, ndipo mu 2017/2018 linaifalitsa dziko lonse. Mlimi ankaika K400, boma n'kuonjezera K1,700 pa khadi, ndipo iye ankakagula yekha kwa ogulitsa zipangizo za ulimi. Maina a alimi anaikidwa m'kaundula mmodzi wa pa kompyuta wotchedwa ZIAMIS.

Tiyeni tisiyanitse. Khadi m'malo mwa ATC ndi kusintha kwa zooneka chabe. Sitolo m'malo mwa shedi, chimodzimodzi. Koma panali zinthu ziwiri zimene zinakhudza phata. Mlimi analoledwa kusankha chimene akufuna, osati feteleza ndi mbewu basi. Ndiponso K100 ya ndalamazo inkapita ku inshuwalansi ya nyengo, ntchito imene kale kunalibe. Pa bolodi lathu pamenepo tikanajambula mabwalo atsopano.

Njira yatsopano imabwera ndi zovuta zakezake, monga mmene pepala linalili ndi zake. Mu nyengo ya 2017/2018 makhadi ambiri anachedwa kutsegulidwa, kumadera ena netiweki inkavuta, ndipo kwina ogulitsa anali ochepa kapena analibe katundu wokwanira. Chaka chotsatira boma linabwezera maboma ena ku njira yogawa feteleza mwachindunji. Phata linali lomwe lija, koma makina angwiro a m'maganizo aja sapezeka kumudzi. Posankha zipangizo, wofufuza ayenera kubwerera kudzaona msewu nthawi ya dzinja, kudzaona pamene foni imagwira, ndiponso kudziwa kuti ndi angati amene angawerenge uthenga wa pa foni popanda kupempha mdzukulu.

Ntchito ya m'kalasi

Khalani m'magulu a anthu anayi kapena asanu. Sankhani ntchito imodzi imene mumaidziwa bwino: tsiku la sikelo ya ana ku chipatala, banki ya m'mudzi, kapena kugulitsa chimanga ku bungwe la boma la FRA. Mmodzi afotokoze mmene imayendera kuyambira poyamba, wina ajambule mabwalo ndi mivi, osasiya kanthu ngakhale kooneka kakang'ono. Mukatha, fufutani maina a anthu, malo ndi zipangizo, ndipo muwerenge mabwalo amene atsala. Pa chilichonse chimene mwafufuta, gulu linene chifukwa chimene chinayambira. Chimene mwalephera kugwirizana musachifufute. Chizungulizeni ndi choko, ndipo sabata yamawa mubwere mutafunsa munthu amene amagwira ntchitoyo.