Phunziro la m'kalabu: Mnzathu wa transgender pa koleji asatsale yekha

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli, mamembala athe kufotokoza momwe kusalana kumaikira wophunzira wa transgender pa chiopsezo cha HIV, komanso zomwe kalabu ingachite pomuthandiza.

Kodi munthu wa transgender ndi wotani?

Ndi munthu amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma mumtima mwake amadziwa kuti ndi mkazi, kapena amene anabadwa ndi thupi lachikazi koma amadziwa kuti ndi mwamuna. Ena amasintha dzina ndi kavalidwe, ena amabisa moyo wawo wonse. Imeneyi si misala ayi. M'chaka cha 2019, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachotsa nkhaniyi m'gulu la matenda a m'maganizo.

Tiyerekeze

Wophunzira wina anafika ku koleji chaka choyamba. Kaundula wa sukulu ankati ndi mnyamata, choncho anamuika ku hositelo ya anyamata, ngakhale iye amadziwa kuti ndi mtsikana. Kubafa ankamuseka, moti anayamba kusamba mbandakucha anzake asanadzuke. Masana sankamwa madzi poopa kupita kuchimbudzi. Tsiku lina anamva kuwawa pokodza, napita ku kiliniki ya pasukulu. Ali pamzere, wina anamujambula pafoni n'kutumizira anzake. Sanapondenso kukiliniki kuja.

Zikukhudzana bwanji ndi Edzi?

Kukhala wa transgender sikupatsa munthu kachilombo. HIV imalowa m'thupi mwake m'njira zomwezo zimene imalowera mwa wina aliyense. Chimene chimakulitsa chiopsezo ndi tsankho.

Woopa kiliniki sayezetsa magazi, ndipo matenda opatsirana pogonana akapanda kuchizidwa amatsegulira njira kachilombo. Makolo akasiya kulipira fizi, ena amayamba kugonana ndi anthu andalama amene amakana kondomu. Wogwiriridwa akachita mantha kuulula amaphonya PEP, mankhwala oyenera kuyamba pasanathe maola 72 ndi kumwa kwa masiku 28. Enanso amabwerekana majakisoni pobaya mankhwala osintha maonekedwe a thupi.

Bungwe la UNAIDS linapeza kuti m'chaka cha 2021, pa dziko lonse, chiopsezo chotenga HIV kwa akazi a transgender chinali chowirikiza ka 14 poyerekeza ndi amayi a zaka 15 mpaka 49.

Malamulo akuti chiyani?

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi amateteza ulemu wa munthu aliyense mu gawo 19, amaletsa tsankho mu gawo 20, ndipo gawo 25 likuti aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Komabe mu Juni 2024, bwalo lomasulira malamulowa linagamula kuti malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha apitirire kugwira ntchito. Mtsikana wa transgender akhoza kutengedwa ngati mwamuna pa milandu yotereyi. Ndiye chifukwa chake kuulula chinsinsi cha mnzanu si nthabwala: mukhoza kumupereka kwa omumenya kapena kumugwetsa m'milandu.

Zomwe kalabu ingachite

1. Muitaneni ndi dzina lomwe iye wasankha. Mukaphonya, pepesani n'kupitiriza kucheza.
2. Sungani chinsinsi. Mwini wake yekha ndiye asankhe womuuza, ngakhale makolo ake.
3. Musamufunse za ziwalo zake zobisika. Inunso simungakonde funso lotero.
4. Mperekezeni kukayezetsa magazi, kukafunsa za PrEP kapena kukatenga ma ARV, ngati iye wafuna.
5. Ikani makondomu ndi mafuta ofewetsera ogwiritsa ntchito ndi kondomu pamalo pomwe aliyense angatenge popanda kufunsidwa mafunso.
6. Iye akavomera, pitani naye kwa mkulu woona za ophunzira mukapemphe chipinda chogona ndi bafa lotsekeka momwe angakhale mosaopa.
7. Wina akayamba kumunyoza m'kalasi kapena pagulu la WhatsApp, mudzudzuleni pomwepo. Mukakhala chete, wonyozayo amayesa kuti mukugwirizana naye.

Mwina ena mwa inu muli ndi mafunso chifukwa cha chipembedzo kapena chikhalidwe chanu. Bwerani nawo tikambirane. Koma simufunika kumvetsa zonse za mnzanu kuti mumusungire malo pabenchi kapena mumperekeze kuchipatala.

Mafunso okambirana m'magulu

1. M'nkhani ija, ndi pati pomwe membala wa kalabu akanathandiza?
2. Kodi wophunzira wa transgender atabwera ku kalabu yathu lero, angabwerenso sabata yamawa? Chifukwa chiyani?
3. Ndi mawu ati amene timanena moseka omwe angamuthawitse?

Kale anthu okhala ndi HIV ankawapatsa mbale ndi kapu yawoyawo, mpaka tinaphunzira kuti kusalana kumapha. Phunzirolo silinathe ntchito. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.